Mabokosi a Seligman: kuwerenganso buku limene linatigawa m'magulu

Mwezi wathawu ndikudutsa pakhonde la sitolo ina mu Limbe, paja anyamata amayala mabuku akale pansi pamodzi ndi mabatire ndi zipeso, maso anga anagwera pa kabuku kena kong'ambika m'mbali. Dzina lake *Races of Africa*, mlembi wake C. G. Seligman. M'kati mwa chikuto munali chidindo cha sukulu ina yophunzitsa aphunzitsi, inki yake itafwifwa kale. Mnyamata wogulitsayo anati, "Abwana, tengani ndi la masamuli, ndikuchotserani." Ndinakana la masamulo, n'kutenga la Seligman lokha, ndipo ndakhala nalo usiku ungapo pansi pa nyali.

Chimene chinandigulitsa kabukuka ndi sukulu ya pulayimale. Aphunzitsi athu a mbiri yakale anali ndi luso lojambula mapu a Africa pabolodi ndi choko chimodzi osakweza dzanja. Akatha ankalemba mivi: wina wochokera kumpoto chakum'mawa kutsikira kuno, wina wochokera ku Congo. Ife tinkaloweza maina a magulu a anthu ngati taimusi tebulo: Ahamu, Asemu, Abantu, Abathwa. Wophonya ankalawa chikoti. Ndinali ndisanadzifunsepo kuti manotsi aja aphunzitsi anawatenga kuti, mpaka pamene ndinatsegula kabukuka n'kupeza magulu omwe aja atandandalikidwa mutu ndi mutu.

Charles Gabriel Seligman anali Mngelezi, anabadwa mu 1873 ndipo anamwalira mu 1940. Poyamba anaphunzira za udokotala, kenaka anatembenukira ku maphunziro a mitundu ya anthu, nakhala pulofesa ku London School of Economics. Bukuli linatuluka koyamba mu 1930, m'gulu la timabuku totsika mtengo tolembedwera anthu wamba ofuna kudziphunzitsa okha kunyumba. Linasindikizidwanso mu 1939, mu 1957, ndiponso mu 1966, mwini wake atagona kale zaka 26, dziko lathu lino litalandira kale ufulu. Ndiye musaliyese buku lobisika la akatswiri owerengeka ayi. Linali buku la m'thumba la atsamunda, amishoni ndi aphunzitsi.

Ntchito imene mkuluyu anadzipatsa ndi yosanja anthu onse a mu Africa m'mabokosi ochepa, potengera makolo amene anawabala ndi dera limene akukhala. Muli bokosi la anthu aafupi a m'nkhalango za Congo, la anthu osaka nyama a ku Kalahari ndi abale awo oweta ng'ombe, la anthu akuda a kuzambwe kwa Africa amene iye amawatcha akuda enieni, la Asemu, la anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Nile, la Abantu, ndiponso bokosi limene iye amalikonda koposa onse, la Ahamu. M'bokosi la Ahamu anaikamo Aigupto akale, Abeja, Asomali, Aoromo, Aberber, Atuareg ndi Afulani. Amasai ndi Anandi a ku Kenya atamuvuta, anawakhomera bokosi lawolawo n'kulitcha la Ahamu atheka. Munthu watheka, abale, ndi wotani?

Mfundo imene yanyamula buku lonseli ndi imodzi. Seligman akuti Ahamu anali a mtundu umodzi ndi Azungu ngakhale khungu lawo linada, ndipo analowa mu Africa kuchokera kumpoto chakum'mawa, gulu ndi gulu, akuweta ng'ombe, ali ndi zida zabwino ndi nzeru zoposa za alimi akuda amene anawapeza. Tsono chilichonse chooneka chotsogola m'kontinenti ino, kaya ufumu wadongosolo, kaya luso la zitsulo, kaya kuweta ziweto, iye amachilondola mpaka pakhomo pa Ahamu. Ife Abantu akuti ndife msanganizo wa akuda enieni aja ndi Ahamu, ndipo kusiyana kwa mtundu wina ndi unzake kumayendera kuchuluka kwa magazi a Chihamu amene anadontheramo. Ukawerenga modekha umaona kuti palibe umboni umene ungagwetse mfundo yotereyi m'maso mwa mwini wake. Akapeza ufumu wamphamvu amati Ahamu anafikako. Akapanda kuupeza amati sanafikeko. Mlandu wotere woweruza amaupambana nthawi zonse, chifukwa mboni ndi iye yemwe.

Dzina loti Ahamu silinachokere m'chipinda choyezera zinthu. Linachokera m'Baibulo, pa Genesis mutu 10, pamene pali mndandanda wa mitundu ya anthu yobadwa mwa ana atatu a Nowa: Semu, Hamu ndi Yafeti. Ine mutu umenewu ndimaulemekeza monga ntchito ya mlembi waluso, chifukwa munthu wa ku Israyeli wakale anayesa kusonkhanitsa dziko lonse limene ankalidziwa, mitundu ngati 70, n'kunena kuti onsewo ndi a bambo mmodzi. Koma tauwerengani muli ndi pensulo m'manja. Kanani waikidwa pansi pa Hamu, pamodzi ndi Kusi ndi Aigupto. Chonsecho chinenero cha Akanani, kuphatikizapo cha anthu a ku Sidoni, chinali pafupi kwambiri ndi Chihebri, ngati Chichewa ndi Chinsenga. Elamu waikidwa pansi pa Semu, chonsecho Chielamu sichinali pachibale ndi Chihebri ngakhale pang'ono. Maina a Seba ndi Havila akupezeka mbali ziwiri, kwa Hamu ndi kwa Semu komwe. Mlembiyo sankayeza mphuno kapena kufananiza mawu. Ankayang'ana amene ali mnansi, amene ali mdani, amene amakhala mbali iti ndi amene ali pansi pa ufumu uti. Akanani anali anthu olimbirana nawo nthaka, n'chifukwa chake anakankhidwira kunyumba ya mwana amene anachimwira bambo wake.

Azungu atautenga mndandandawu anausandutsa china. Mu 1781 Mjeremani wina, August Ludwig von Schlözer wa ku Göttingen, anabwereka dzina la Semu n'kulipereka ku banja la zinenero monga Chihebri, Chiarabu ndi Chiaramu. Dzina la Hamu nalo linali ndi ulendo wake wodabwitsa. Kwa zaka mazanamazana ogulitsa akapolo ankalalikira kuti anthu akuda ndi ana a Hamu otembereredwa, ngakhale kuti pa Genesis mutu 9 temberero likugwera Kanani yekha. Koma Napoleon atalowa mu Aigupto mu 1798, ndipo akatswiri ake ataona kukula kwa zimene Aigupto akale anamanga, panabuka vuto. Aigupto ndi mwana wa Hamu. Ngati ana a Hamu ndi akuda, ndiye kuti akuda anamanga zonsezi? Njira yothawira inapezeka msanga: Hamu anayeretsedwa. Ana ake anasanduka Azungu oderako, ndipo anthu akuda anatsala opanda kholo lodziwika. Mayi wina wolemba mbiri, Edith Sanders, anaulondola bwino ulendo umenewu m'nkhani yake ya mu 1969. John Hanning Speke, uja anafunafuna gwero la Nile, ndiye anaufikitsa kuno kwathu kum'mawa kwa Africa, pamene m'buku lake la mu 1863 analemba kuti mafumu oweta ng'ombe a m'dera la nyanja zazikulu anachokera ku Abyssinia.

Ndisamunamizire mkuluyu kuti analemba zopanda pake zokhazokha. Ku Sudan anafikako ndithu pamodzi ndi mkazi wake Brenda, ndipo masamba amene akufotokoza za Ashilluk ndi mfumu yawo, kapena za Adinka ndi ng'ombe zawo, ali ndi fungo la munthu amene anaona ndi maso. Chingelezi chake n'chosalala, sichipunthwitsa. Pamenepo ndiye pali ngozi yake. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Buku lolembedwa moipa likadafera pashelefu. Ili linakoma kuwerenga, ndipo wophunzira ankameza zoona za Adinka pamodzi ndi bodza la Ahamu m'mbamu imodzi.

Amene anaphwasula bokosilo ndi katswiri wa zinenero wa ku America, Joseph Greenberg. Iye asanabwere, Mjeremani Carl Meinhof anali atalemba buku mu 1912 loika Chifulani, Chimasai ndi Chinama m'banja la zinenero za Chihamu. Greenberg, kuyambira mu 1949 mpaka pa buku lake la mu 1963, *The Languages of Africa*, anaika mawu a zinenerozi pambalipambali n'kuonetsa kuti Chifulani ndi mbale wa Chiwolof ndi Chiserer za ku Senegal, Chimasai ndi mbale wa zinenero za m'mbali mwa Nile, ndipo Chinama chilibe nawo mbali onsewa. Chimene chinawasonkhanitsa m'khola limodzi ndi ng'ombe basi. Azungu ankaona munthu wamtali woweta ng'ombe n'kuyamba kumva Chihamu m'kamwa mwake. Dzina loti zinenero za Chihamu linafa pakati pa akatswiri, ndipo Chiaigupto chakale, Chiberber, Chisomali, Chihausa, Chiarabu ndi Chihebri zinakhala nthambi za banja limodzi lotchedwa Afroasiatic. Taonani zaka: Greenberg 1963, kusindikizanso kwa Seligman 1966. Nyumba inali itagwa kale koma alendo ankalandiridwabe pakhonde.

Ofukula zakale nawo anali atayankha kale. Mabwinja a miyala a Great Zimbabwe, amene Karl Mauch atawaona mu 1871 anawagwirizanitsa ndi mfumukazi ya ku Seba, anafufuzidwa ndi David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929, ndipo onse awiri anapeza kuti anamanga ndi anthu akuda a komweko. Caton-Thompson analankhula zimenezi chaka chimodzi buku la Seligman lisanatuluke.

Wina anganene kuti, "Nanga inu, mukuvutikiranji ndi buku la munthu amene anafa kalekale?" Yankho langa ndi Rwanda. Kumeneko Ahutu ndi Atutsi amalankhula chinenero chimodzi, Chinyarwanda, chimene ndi cha Chibantu ngati chathu chomwechi. Amakhala m'mapiri amodzi, ndipo mafuko ambiri ali ndi Ahutu ndi Atutsi omwe. Kusiyana pakati pawo kunalipo Azungu asanafike, sindikukana. Koma atsamunda a ku Belgium ndi amishoni anaphunzitsa m'masukulu kuti Atutsi ndi Ahamu obwera, obadwira kulamula, ndipo kuyambira mu 1933 mtundu wa munthu unayamba kulembedwa pa chiphaso chake. Nthano imene poyamba inkakweza Atutsi inatembenuka n'kukhala mpeni: ngati ndinu obwera, bwererani kwanu. Mu Novembala 1992 wandale wina, Léon Mugesera, anauza msonkhano kuti Atutsi adzabwezedwa ku Ethiopia kudzera mu mtsinje wa Nyabarongo. Pakati pa Epulo ndi Julayi 1994 anthu oposa theka la miliyoni anaphedwa, ndipo mitembo yambiri inayandamadi m'mitsinje mpaka kukafika ku nyanja ya Victoria. Seligman sanagwire chikwanje, ndipo nthanoyo siinayambe ndi iye. Koma ndi mabuku ngati lakeli amene anaiveka jekete la sayansi, kuti mwana wasukulu aziilemba pamayeso n'kupatsidwa malikisi.

Tsono tibwere ku bokosi lathu. Kodi nalo loti Abantu ndi bodza? Apa ndiyenera kuyenda mosamala, chifukwa mkwiyo ungandichititse kutaya nkhwangwa pamodzi ndi mpini. Dzinali analifalitsa ndi Wilhelm Bleek m'buku lake la galamala la mu 1862, ataona kuti zinenero zambirimbiri za kumwera kwa Africa zimatchula anthu ndi mawu ofanana. Ife timati munthu, anthu. Mzulu amati umuntu, abantu. Mswahili amati mtu, watu. Mshona amati munhu, vanhu. Myao amati mundu, ŵandu. Mvula yathu ndi imvula kwa Mzulu, mvua kwa Mswahili. Nyama ndi nyama pafupifupi kulikonse. Izi si nthano, aliyense amene anakwerapo basi ya ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam anazimva ndi makutu ake. Zinenero zimenezi zilipo ngati 500, ndipo Malcolm Guthrie pozigawa m'zigawo mu 1948 anaika chathuchi m'chigawo chimene anachitcha N. Guthrie ankaganiza kuti phata lake linali cha ku Katanga, zimene zimakoma m'makutu mwathu popeza akuluakulu amati tinachokera ku Uluba. Greenberg anati gwero lenileni lili kumalire a Nigeria ndi Cameroon, ndipo akatswiri a lero ali kumbali yake. Uluba angakhale pamene makolo athu anapumulira, ulendo utayamba kale kutali.

Banja la zinenero lilipodi. Pamene Seligman akupunthwa ndi pamene iye mwini akuvomereza kuti Abantu amadziwika ndi chinenero, kenaka n'kupitiriza kuwayeza mitu ndi mphuno ngati kuti chinenero chimayenda m'mitsempha. Ife a kuno tili ndi umboni pakhomo. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana wa dzuwa, ndipo m'njira monse ankatola anthu: Athonga, Akaranga, Ansenga, Achewa, Atumbuka. Onsewo anasanduka Angoni, n'kutenga chishango ndi ingoma. Lero Angoni a kwa M'mbelwa amalankhula Chitumbuka, a kwa Gomani amalankhula Chichewa, a kwa Mpezeni ku Chipata amalankhula Chinsenga. Agogo anga aamuna anali Mngoni wa ku Ntcheu, agogo aakazi Mchewa wa ku Dedza. Mwa mwambo wa Chingoni mwana ndi wa kwa bambo, mwa mwambo wa Chichewa mwana ndi wa mbumba ya mayi. Ana awo mitundu iwiri yonse inkawatcha ake. Ukwatiwo ukadakhala mosemphanitsa, bambo Mchewa mayi Mngoni, mbali iliyonse ikadati anawo ndi a kwa anzawo. Ndimafuna nditamuona Seligman ndi tepi yake yoyezera mitu atakhala pabwalo la milandu yotere.

Komabe pali chinthu china chimene chandiletsa kufuula kuti nkhani ya makolo ndi yopeka yonse. Mu 2017 gulu la akatswiri, pakati pawo Pontus Skoglund, Jessica Thompson ndi David Reich, linafalitsa zimene linapeza litayeza DNA ya m'mafupa a anthu akale, ena mwa iwo ofukulidwa m'dziko lathu lino: ku phiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira ku Nyika, ndi ku Chencherere ku Dedza. Mafupa akale kwambiri anali a zaka ngati 8,100 zapitazo, atsopano kwambiri a zaka ngati 2,500. Anthu amenewa chibale chawo chinali kwa osaka nyama ndi otola zipatso a kumwera ndi kum'mawa kwa Africa, monga Asan. Ndipo mwa Amalawi a lero amene anayezedwa, chizindikiro cha anthu akalewo sichinapezeke kwenikweni. Ndiye kuti nkhani ya Akafula, imene tinkaimva ngati nthano yoseketsa ya anthu aafupi okwiya msanga ukawauza kuti wawaonera pafupi, ili ndi fupa m'kati. Kunali anthu ena kuno, anakhala zaka zikwizikwi, ndipo atafika makolo athu ndi makasu ndi ng'anjo zawo, anthu aja anazimirira. Zithunzi zofiira za m'mapanga a Chongoni, malo amene bungwe la UNESCO linawalemba pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, akatswiri amati n'zawo. Zoyera zija, za zinyau ndi chinamwali, n'zathu, ndipo m'malo ena zinapakidwa pamwamba pa zofiirazo. Mivi ya aphunzitsi anga ija siinali yabodza yonse. Koma muvi umene uli ndi umboni ndi umene ukuloza ife monga obwera, ndipo m'kalasi muja palibe anatiuza kuti tiziuona choncho.

Kusiyana kwa ntchito ya 2017 ndi ya 1930 ndikuona kuti kuli apa: oyeza mafupa aja anafunsa kuti ndani anabala yani, n'kulekera pomwepo. Seligman anafunsa funso lomwelo ali ndi yankho la funso lina m'thumba, loti ndani aposa mnzake. Mabokosi ake anawasanja ngati makwerero, ndipo amene amafanana ndi iye mwini anawaika pamwamba.

Ife eni ake si kuti matendawa sanatigwire. Achewa, Amang'anja, Anyanja ndi Achipeta mbiri imawaika m'banja limodzi la Amaravi, pansi pa Kalonga, Undi ndi Lundu, ndipo a Samuel Ntara anagwira ntchito yotamandika posonkhanitsa zokamba za akuluakulu m'buku lawo la *Mbiri ya Achewa*. Koma mu 1968, msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress utagamula kuti chinenero chimene chinkatchedwa Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kukhala chinenero cha dziko, dzina la mwana mmodzi linavekedwa banja lonse, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Kungowoloka malire pa Mchinji, chinenero chomwechi mpaka lero chimatchedwa Chinyanja. Leroy Vail ndi Landeg White analemba mu 1989 za m'mene maina a mitundu m'dziko muno anakulira ndi kuumitsidwa ndi amishoni, atsamunda ndi andale. Sindigwirizana nawo pa zonse, chifukwa nthawi zina amalemba ngati agogo athu sankadziwa kuti ndi ayani mpaka Mzungu atawauza. Koma amene anaona m'mene mavoti anagawikira m'zigawo zitatu pa chisankho cha 1994 sanganene kuti anthu awiriwa ankalota. Ndamvanso akuluakulu ena ophunzira bwino akulimbikira kuti Achewa anachokera ku Aigupto, ena kuti mtundu wawo ndi fuko lotayika la Israyeli. Ndikamva zotere ndimamva mawu a Speke atavala chilundu. Nanga Mankhamba ndi Kaphirintiwa zatichepera chiyani kuti tizikafuna agogo m'mbali mwa Nile?

Kodi bukuli liwerengedwe? Ine ndikuti inde, ndipo likadapezeka m'malaibulale a makoleji athu ndikadakondwa, bola pambali pake pakhale Greenberg, ndi Genesis 10, ndi mphunzitsi wosaopa mafunso. Wophunzira aone yekha m'mene munthu wanzeru, wakhama, amene anayendadi ndi kuona, angalembere buku lonse pamwamba pa mfundo imene sanaiyese n'kamodzi komwe. Kope langali lili ndi zolemba za pensulo m'mbali, za wophunzira uphunzitsi amene sindidzamudziwa. Pa mutu wa Ahamu anadula mizere iwiri pansi pa ziganizo zingapo n'kulemba m'mbali kuti "zofunika pa mayeso". Pa tsamba loyamba la mutu wa Abantu analemba mawu amodzi okha, m'Chichewa, ndi dzanja laukhondo la munthu wozolowera bolodi: "Ife."